Kodi mwanayo anamufunsa ndani, ndipo anamufunsa bwanji?

Mafilimu a nkhani zoona za upandu afika ponseponse masiku ano. Munthu akangogula bandulo ya usiku, foni m'manja, tulo tonse balala, akutsatira mlandu wa ku America kapena ku France ngati kuti woimbidwa mlanduyo ndi malume ake. Inenso ndili m'gulu lomweli, ndipo amene amandigwira mtima kwambiri ndi aja ofotokoza za anthu amene anasemeredwa chinyau, kunamiziridwa kuti anachitira ana nkhanza. Ambiri poonera mafilimu oterewa amakhala ndi funso limodzi, lakuti kodi akunama ndani. Ine ndimadikira china. Ndimadikira mpaka filimuyo itasonyeza munthu wamkulu amene anayamba kumufunsa mwanayo, ndiye ndimatchera khutu kuti ndimve mmene anafunsira. Nthawi zambiri nkhani yonse imagona pamenepo.

Tiyambire ku Kern County, boma la m'chigawo cha California komwe kuli mzinda wa Bakersfield. Kuyambira mu 1982, anthu oposa 30 a kumeneko anapezeka olakwa pa milandu yoti ankagwiririra ana m'magulu. Patapita zaka, makhoti anafafaniza pafupifupi zigamulo zonsezo. Filimu yotchedwa Witch Hunt, yomwe inatuluka mu 2008 ndipo wofotokoza wake ndi Sean Penn, imatsatira ena mwa anthu amenewa. Mmodzi ndi John Stoll, amene mu 1985 anagamulidwa kukaseweza zaka 40 kundende. Nkhani yake inabuka pa nthawi yomwe iye ndi mkazi wake wakale ankalimbirana mwana. Anyamata asanu ndi mmodzi anaimirira m'khoti n'kunena kuti anawachita zolaula. Stoll anatuluka pa 4 May 2004, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 61, atakhala m'ndende pafupifupi zaka 20. Chinamutulutsa n'chakuti anayi mwa anyamata aja, tsopano ali abambo a ndevu zawo, anabwereranso kukhoti kukanena kuti palibe chinachitika. Anati ofufuza ankawafunsa funso lomwelomwelo mobwerezabwereza, osafuna kumva yankho lakuti ayi, mpaka iwo atatopa n'kuvomera kuti awasiye. Mwana wake weniweni wa Stoll sanabweze mawu ake. Khoti linamasula bambo, koma silinathe kumubwezera mwana.

M'boma lomwelo munali banja la Scott ndi Brenda Kniffen. Tchimo lawo linali lakuti anzawo ena atamangidwa pa mlandu woterewu, iwo anadzipereka kukachitira umboni kuti anzawowo ndi anthu abwino. Posakhalitsa nawonso anamangidwa, ana awo aamuna awiri n'kulandidwa. Aliyense anagamulidwa zaka 240, ndipo anadzatuluka mu 1996. Anyamata awiriwo atakula anafotokoza kuti ankauzidwa kuti akangovomera zomwe akufunsidwa, adzabwerera kwawo kwa makolo awo.

Taganizani bwinobwino, abale anga. Mwana wamng'ono wachotsedwa pakhomo, akugona kwa anthu osawadziwa, akulira kufuna mayi ake. Ndiye munthu wamkulu wooneka wachifundo akumuuza kuti njira yobwerera kwa mayi ndi kunena kuti mayi anamuchita zakutizakuti. Mwanayo sananame chifukwa chodana ndi makolo ake ayi. Ananama chifukwa chowakonda. Kuseweretsa maganizo a munthu kumayenda choncho: amafufuza chimene umachikonda kwambiri, n'kuchisandutsa chingwe chokukokera komwe akufuna.

Mlandu wotchuka kuposa yonse ndi wa sukulu ya mkaka ya McMartin ku Manhattan Beach, ku California komweko. Bungwe la atolankhani la Retro Report linapanga kafilimu kakafupi ka nkhaniyi, kamene mungakapeze pa YouTube. Mu 1983 mayi wina anadandaula kupolisi kuti mwana wake wagwiriridwa ndi mphunzitsi wina dzina lake Ray Buckey. Mmalo mofufuza mwakachetechete, mu September chaka chomwecho apolisi analembera kalata makolo pafupifupi 200. M'kalatamo anatchula dzina la mphunzitsiyo, anandandalika zonyansa zomwe mwina anachita, n'kupempha makolo kuti afunse ana awo. Ndiye ndani angagone tulo atalandira kalata yotere? Usiku womwewo m'nyumba zambirimbiri makolo ogwidwa ndi mantha anayamba kufunsa ana azaka zitatu, zinayi, zisanu, mafunso okhala ndi mayankho ake kale.

Kenako ana pafupifupi 400 anatengeredwa ku bungwe lotchedwa Children's Institute International kuti akafunsidwe ndi akatswiri. Kufunsako kunajambulidwa, n'chifukwa chake lero tikudziwa mmene kunkayendera. Ankagwiritsa ntchito zidole zovala kumanja. Mwana akakana, ankauzidwa kuti anzake onse aulula kale zinsinsi zoipazo. Chidole chimene chanena kuti sichikukumbuka chinkanenedwa kuti n'chopusa, chimene chavomera n'kuyamikiridwa kuti n'chanzeru. Pamapeto pake ana pafupifupi 360 anaonedwa ngati ochitiridwa nkhanza. Nkhani zinakula mpaka ana kumanena za mfiti zouluka, za njira zapansi pa nthaka, za ana oponyedwa m'chimbudzi cha madzi n'kukatulukira m'zipinda zobisika. Mwana wina atasonyezedwa zithunzi analoza Chuck Norris, yemwe uja wa mafilimu a karate, kuti nayenso analipo. Mlandu unatha mu 1990, utadya madola 15 miliyoni, popanda ndi mmodzi yemwe wopezeka wolakwa. Buckey anali atakhala kale zaka zisanu m'ndende akudikira chiweruzo. Mu 2005 mmodzi mwa ana aja, atakula, anauza nyuzipepala ya Los Angeles Times kuti ananama, ndipo anapepesa. Anati akapereka yankho losawasangalatsa ankamufunsanso, ndipo iye ankafuna kukondweretsa makolo ake.

Akatswiri a zamaganizo anafuna kuona ngati zoterezi zingathekedi popanda munthu kuopseza mwana. Mu 1995 Michelle Leichtman ndi Stephen Ceci anafalitsa zotsatira za kafukufuku wosavuta kumva. Mlendo wina, amene anamutcha Sam Stone, analowa m'kalasi ya ana a mkaka, anapereka moni, anazungulira pang'ono, n'kutuluka patatha mphindi ngati ziwiri. Sanakhudze kanthu. Koma ana ena anali atauzidwiratu kuti Sam ndi munthu wosasamala, wophwanya zinthu. Pambuyo pake, kwa milungu ingapo, anawo ankafunsidwa mafunso onena ngati kuti Sam anang'amba buku ndi kudetsa chidole. Atafunsidwa komaliza ndi munthu wina watsopano, ambiri mwa ana aang'ono kwambiri a m'gulu limenelo ananena kuti Sam anachitadi, ena mpaka kuwonjezera tinthu tawo tokometsera. Akatswiri odziwa za ana ataonetsedwa makanema a anawo analephera kusiyanitsa wonena zoona ndi wonena zopeka. Apa pali zinthu ziwiri zokha: kumuipitsiratu mbiri munthu mwana asanamuone, ndi kufunsa ngati kuti nkhani ndi yodziwika kale. Palibe chikwapu, palibe kukalipa.

Wina anena kuti izi n'za azungu. Koma ine ndikamamva ana a ku McMartin akusimba za mfiti zouluka, ndimakumbuka mabwalo a m'midzi mwathu. Sindikufuna kutsutsana ndi munthu lero pa nkhani yoti ufiti ulipo kapena kulibe, imeneyo ndi ya tsiku lina. Ndikunena za kafunsidwe. Mwana akuwodzera m'kalasi, kapena akubwebweta kutulo, azakhali amukhazika pansi. "Iwe, amakutenga ndani usiku?" Mwana ali duu. "Usaope, ukanena sitikukwapula. Ndi agogo ako, eti? Mnzako uja wanena kale." Anthu adzaza pakhomo, onse maso ali pa mwana amene dzulo lomweli palibe ankamulabadira. Akangogwedeza mutu, anthu onse "Mwamva!" Pofika madzulo nkhani ili ndi lichero louluka, manda, ndi mpira wa mutu wa munthu. Ndi njira yomwe ija ya zidole, kungoti ife zidole sitigwiritsa ntchito. Lamulo lathu la za ufiti la mu 1911 limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, komabe agogo ambiri athamangitsidwa m'midzi, ena anamangidwapo, ena kuphedwa kumene. Ku Neno mu January 2016 okalamba anayi anaphedwa ndi gulu la anthu mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Mantha a gulu akagwira moto safunsa umboni, kaya ndi ku California kaya ndi kwathu kuno.

Filimu imene ndikanakonda kholo lililonse litaionera ndi ya magawo anayi imene Netflix inatulutsa mu 2024, yonena za mlandu wa ku Outreau, tauni yaing'ono ya kumpoto kwa France pafupi ndi Boulogne-sur-Mer. Ndimaikonda chifukwa sikupatsa mpata wothawira ku yankho losavuta. Ku Outreau ana anagwiriridwadi. Makolo awo enieni, Thierry Delay ndi Myriam Badaoui, pamodzi ndi banja lina loyandikana nalo, anapezeka olakwa, ndipo khoti linavomereza kuti ana 12 anachitiridwa nkhanza. Bodza linamera pamwamba pa choonadi chimenecho.

Kafukufuku atayamba mu 2001, mayi Badaoui anayamba kutchula maina. Wansembe wokhala nawo pafupi, mayi wogulitsa buledi, dalaivala wa takisi, mkulu wina wogwira ntchito za khoti pamodzi ndi mkazi wake, bambo wina ndi mwana wake. Jaji wofufuza, Fabrice Burgaud, anali wachinyamata wongoyamba kumene ntchito. Mayi uja, amene moyo wake wonse palibe ankamuwerengera, anapeza munthu wophunzira womumvetsera ndi kulemba chilichonse chotuluka pakamwa pake. Dzina lililonse latsopano linkamuwonjezera kufunika, komanso linkachepetsa kulemera kwa mlandu wake, poti tsopano ankaoneka ngati kachidutswa chabe ka gulu lalikulu. Jajiyo ankakumanitsa woimbidwa mlandu mmodzi ndi omuneneza atatu nthawi imodzi, mwakuti wachiwiri ndi wachitatu ankangovomereza zomwe woyamba wanena. Ukamawerenga pa pepala, mboni zitatu zagwirizana. Kunena zoona inali mboni imodzi ndi anthu awiri oyankhira.

Pali kachigawo kena kamene kamandizizira nkhongono. Mnyamata wina mwa omangidwawo, wazaka ngati 20, atatopa ndi kukana popanda womumvera, anapeka nkhani yoti anaona kamtsikana kena kakuphedwa m'nyumba ya banja lija. Pambuyo pake anafotokoza kuti ankafuna kuonetsa poyera kuti mayi uja amavomereza bodza lililonse. Ndipo mayiyo anavomerezadi, n'kuwonjezera zake. Apolisi anakakumba m'munda kufunafuna mtembo, osapeza kanthu. Mmalo moti anthu adzidzimuke n'kufunsa kuti kodi mboni yathuyi ndi yotani, mlandu unangokulirakulira.

Mu May 2004, mlandu uli mkati ku Saint-Omer, mayi Badaoui anagwetsa misozi m'khoti n'kunena kuti ndi wodwala, ndi wabodza, ndipo anthu 13 aja sanalakwe. Patangopita masiku ochepa anatembenukanso n'kuyambiranso kuwaneneza. Misozi inalipo ponena bodza, inaliponso poulula. Asanu ndi awiri anamasulidwa chaka chimenecho, asanu ndi mmodzi otsalawo anamasulidwa ku Paris mu December 2005. Wina anali atafera kale m'ndende mlandu usanazengedwe. Ena anakhala m'chitokosi zaka ziwiri kapena zitatu, mabanja kutha, ana kulandidwa, ntchito kutha. Pulezidenti Jacques Chirac anawalembera makalata opepesa. Koma taonani amene anaiwalika: ana aja amene anagwiriridwadi. Dziko lonse litatembenukira kwa omasulidwa, mawu a anawo anayamba kukayikiridwa onse, oona ndi onama omwe. Munthu wamkulu mmodzi wodziwa kusewera ndi mitima anawononga mbali zonse ziwiri.

Ndiye ife tikuphunzirapo chiyani pa za m'nyumba zathu, kumene kulibe jaji kapena kamera? Ine ndaona kuti munthu woseweretsa maganizo a ena amadziwika ndi zimene amakuchititsa iweyo, osati ndi nkhope yake. Amafuna usankhe mbali lero lomwe, usanamve kwina. Ukafunsa kafunso kakang'ono kofuna kumvetsa, monga kuti zinachitika tsiku liti, sakuyankha funsolo koma amakuweruza: "Ndiye kuti simukundikhulupirira? Inunso muli mbali yawo?" Aliyense woikira kumbuyo wonenezedwayo amasanduka mdani, monga zinachitikira banja la Kniffen. Nkhani yake imakula molingana ndi omvera, ikafika kwa ankhoswe ili ndi mutu wina, ikafika kumpingo yamera mapiko. Ndipo mwana salankhula yekha. Amalankhula wamkuluyo ali pambali, mwana n'kumayang'ana nkhope yake asanayankhe, mawu ake ali a munthu wamkulu, osasintha ngakhale pang'ono ngati ndakatulo yoloweza kusukulu.

Banja likamatha ndi pamene izi zimaonekera kwambiri. "Ukamandikonda ine mayi ako, ukanene kuti bambo ako amakumenya." Kapena mbali inayo: "Ukapita kwa amayi ako, ine usadzanditchulenso kuti bambo. Ukawauze ankhoswe zimene amachita mwamuna wawo uja." Mwana wazaka zisanu ndi ziwiri sangasenze katundu wotere. Adzanena chilichonse kuti kholo limene akugona nalo nyumba imodzi lisamukwiyire, poti nsima yake ikuchokera kumeneko.

Tsono apa ndiime kaye, chifukwa pali ngozi ina yaikulu kuposa yonseyi. Munthu akaonera mafilimu atatu kapena anayi oterewa akhoza kuyamba kuganiza kuti ana amangonama, kuti mtsikana aliyense wodandaula watumidwa. Ayi ndithu. Milandu yonamizira imapangidwa mafilimu chifukwa ndi yachilendo. Zimene zimachitika tsiku ndi tsiku ndi zosiyana: mwana wachitidwadi chipongwe, ndipo akuluakulu akumutseka pakamwa kuti asachititse manyazi banja. Kafukufuku amene boma la Malawi linachita mu 2013 mothandizana ndi UNICEF ndi mabungwe ena anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse, anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18. Ochuluka mwa ana amenewa nkhani zawo sizifika n'komwe kupolisi. Zimathera pa mkeka, amalume atalipira mbuzi.

Ndipo wogwirira ana weniweni ndiye katswiri woposa onse pa kuseweretsa maganizo. Jennifer Freyd, katswiri wa zamaganizo amene ankaphunzitsa pa University of Oregon, anafotokoza mu 1997 njira imene anthu otere amatsata akagwidwa, n'kuitcha DARVO, chidule cha mawu a Chingerezi. Choyamba amakana. Kenako amaukira amene waulula: mwanayu ndi wabodza chibadwire, ndi wokonda amuna, amayi ake ndi amene amutuma chifukwa cha nsanje. Pomaliza amasinthanitsa malo, iye n'kukhala wolakwiridwa. Amalira, amatchula matenda ake a shuga, amakumbutsa anthu fizi imene wakhala akulipirira ana a m'banjamo, amaopseza kuti adzimangirira. Pofika madzulo abale onse ali kumupepesa iyeyo, mwana ali yekha kuseri kwa nyumba. Munthu wotere mafilimu a anthu onamiziridwa amawakonda zedi, amawatchula ngati umboni wake. Choncho zizindikiro zija ndatchula zimagwira mbali zonse. Amene akukukakamiza kuti uweruze msanga, amene akusandutsa funso lako kukhala mlandu wako, amene akufuna kuti nkhani ikhale ya misozi yake osati ya zimene zinachitikira mwana, ameneyo muyang'anitsitse, kaya ndi woneneza kaya ndi wonenezedwa.

Netflix yomweyo ili ndi filimu ina ya mu 2024 yotchedwa American Nightmare, imene ndi bwino kuionera motsatizana ndi zinazi kuti mutu ukhale pakati. Mu March 2015 Denise Huskins anabedwa usiku m'nyumba ya chibwenzi chake Aaron Quinn ku Vallejo, ku California, ndipo anagwiriridwa. Atamasulidwa patapita masiku awiri, apolisi analengeza pa wailesi yakanema kuti nkhani yonseyo ndi yopeka, atolankhani n'kumaifanizira ndi filimu ya Gone Girl, ya mkazi wonamizira kubedwa. Anthu anamutukwana pa intaneti. Patapita miyezi yochepa wapolisi wamkazi wa dera lina, pofufuza mlandu wina, anapeza umboni womwe unatsimikiza kuti zonse zimene Denise ananena zinali zoona. Womuba uja, Matthew Muller, anagamulidwa zaka 40. Apolisi a ku Vallejo anali ataonera filimu yawo m'mutu, n'kumukakamiza munthu wamoyo kuti alowemo. Kulakwa kwawo n'kofanana ndi kwa ofufuza a ku Bakersfield: onse anayamba ndi yankho, kenako n'kumafunafuna mafunso.

Tisaiwalenso kuti filimu yomwe tikuonerayo nayonso ikusewera nafe. Anthu amajambula maola mazanamazana n'kutipatsa atatu. Wina amasankha kuti nkhope iyi ionekere pafupi misozi ikutsika, inayo ionekere patali itakwinya tsinya. Wina amaika kanyimbo kachisoni pansi pa mawu a uyu, n'kuika phokoso loopsa pansi pa mawu a uyo. Gawo lililonse limathera pamene mtima uli m'mwamba kuti usagone, ugulenso bandulo. Capturing the Friedmans, filimu ya Andrew Jarecki ya mu 2003, inatamandidwa kwambiri mpaka kupikisana nawo pa mphoto ya Oscar. Imanena za mphunzitsi wa kompyuta wa ku Great Neck, ku New York, ndi mwana wake Jesse, amene onse anavomera milandu yogwirira ana, ngakhale Jesse pambuyo pake anati anavomera chifukwa cha mantha. Oonera ambiri anatuluka akukhulupirira kuti mnyamatayo ananamiziridwa. Koma ena mwa amene anachitira umboni ali ana anadandaula kuti filimuyo inawaonetsa ngati abodza, ndipo mu 2013 ofesi ya woimira boma pa milandu m'deralo itaunikanso nkhaniyo inati chigamulo chinali cholondola. Mpaka lero anthu amatsutsanabe. Ine chimene ndimachita ndikafika pa chigawo chondiliza n'kutsitsa mawu a foni, n'kudzifunsa kuti kupatula nyimboyi, andiuza chiyani chenicheni? Ndani sanapatsidwe mpata wolankhula? Kawirikawiri yankho limapezeka pa timawu tating'ono tolembedwa kumapeto, takuti uje anakana kuyankhulapo, pamene ambiri tazimitsa kale.

Chabwino chimene chinatuluka m'milandu ya m'ma 1980 ija n'chakuti akatswiri anasintha kafunsidwe ka ana. Michael Lamb ndi anzake ku bungwe la boma la America loona za umoyo wa ana, la NICHD, anakonza ndondomeko imene tsopano ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Mutu wake ndi wosavuta: wamkulu alankhule pang'ono, mwana alankhule zambiri. Mwana amauzidwiratu kuti ndi bwino kunena kuti sakudziwa, ndiponso kuti wamkulu akalakwitsa amukonze. Mafunso amakhala otseguka, osatchula dzina la munthu kapena chochitika chimene mwanayo sanachitchule yekha. Njira imeneyi imateteza wosalakwa, komanso imalimbitsa mlandu wa mwana amene wachitidwadi nkhanza, chifukwa loya wa mbali inayo sapeza pogwira ponena kuti mwanayu anachita kuphunzitsidwa.

Kholo silingakhale katswiri, koma izi lingathe. Mwana akabwera n'kunena kanthu kokudzidzimutsani, gwirani mtima, nkhope isasinthe kwambiri, poti mwana amawerenga nkhope kuposa mawu. Akaona mwakomoka kapena mwatenga chikwanje, adzabweza mawu kuti akutetezeni, kapena adzawonjezera kuti agwirizane ndi mkwiyo wanu. Muuzeni kuti wachita bwino kunena ndipo sanalakwe. Kenako funso limodzi lokha: "Tandiuza zonse zimene zinachitika." Akaima, "Kenako chinachitika n'chiyani?" Musamutchulire dzina. Musamulonjeze switi kapena kumuopseza ndi chikwapu. Musaitane azakhali, agogo, a mpingo ndi anansi kuti aliyense adzamve yekha, chifukwa pofika munthu wachisanu simudzadziwanso kuti mawu a mwana ndi ati, a akulu ndi ati. Ndipo musaike pa gulu la WhatsApp la banja, kalata ya apolisi a ku Manhattan Beach ija inali yomweyo.

Kumukhulupirira mwana pa nthawi imeneyo kukutanthauza kumuteteza: asakhalenso yekha ndi munthu amene wamutchulayo, ngakhale akhale wolemekezeka bwanji pabanjapo. Kuweruza ndi kulanga si ntchito ya pakhomo. Pitani naye kuchipatala msanga, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo zovala zimene anavala musazichape. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, pa zipatala zina zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre pali malo a Chikwanekwane kumene dokotala, wapolisi ndi wa zachisamaliro cha anthu amapezeka pamodzi, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere. Musananyamuke, tengani kope mulembe tsiku, nthawi, ndi mawu enieni amene mwanayo wanena, pamodzi ndi funso limene inu munafunsa. Ngati wati "amalume anandigwira," lembani "amalume anandigwira," osati zimene inu mukuganiza kuti amatanthauza. Kopelo mupite nalo.